Ana akamaona zachilengedwe, tiwaphunzitse bwanji kuti asamangogenda ndi kugwira?

Nabanda: Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe ndi kwa inu amene mumagwira ntchito kunkhalango. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 akaona chamoyo chilichonse, dzanja limathamangira mwala kapena kukachigwira. Kungomuuza kuti "usaphe" sikukuphula kanthu. Kodi pali njira yeniyeni yomuphunzitsira kuona popanda kuvutitsa nyama? Ndikufuna zoti kholo lingathe kuchita Loweruka likubwerali, popanda galimoto kapena ndalama.

Aphunzitsi a Phiri: Mayi Nabanda, musayambire kunkhalango. Yambirani pa mtengo umodzi wapafupi ndi kwanu, makamaka mkuyu kapena kachere wabereka, chifukwa mbalame zimadzibweretsa zokha kudzadya. Nthawi yabwino ndi kuyambira kukangocha mpaka cha m'ma 7 koloko. Dzuwa likakwera zambiri zimabisala m'masamba ndipo ana amatopa asanaone kanthu.

Wamkulu mmodzi asatenge ana oposa 6. Akhale pansi, asaimirire, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwawo. Likakhala kutsogolo, mbalame iliyonse imaoneka yakuda ndipo mwana sangasiyanitse pumbwa ndi mpheta. Mukangofika, zonse zimakhala chete kapena kuthawa, ndipo zimayamba kubwerera pakapita mphindi pafupifupi 10. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amanyamuka pa mphindi yachisanu n'kumati palibe kanthu.

Mphindi zodikirazo mwana sangazikhale opanda chochita. Muuzeni atseke maso, ndipo akamva kulira kwatsopano apinde chala chimodzi n'kuloza kumene kwachokera, osalankhula. Kenako mupatseni kope ndi pensulo. Dzanja limene lagwira pensulo silitola mwala.

A Mbewe: Ndionjezepo pa kopelo. Musathamangire kumuuza dzina la mbalame. Mwana akamva dzina amaona ngati ntchito yatha, n'kusiya kuyang'ana. Mufunseni zinthu zinayi: kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena khwangwala, mlomo wake, ngati ndi waufupi wonenepa, wautali wopindika, kapena wangowe, pamene yatera, pansi, pathunthu kapena pansonga, ndiponso chimene ikuchita. Mlomo waufupi wonenepa ndi woswera njere, wautali wopindika ndi woyamwira m'maluwa, wangowe ndi wong'ambira nyama. Mwana akadziwa zimenezi amatha kunena chakudya cha mbalame imene sanaionepo. Dzina libwere pomaliza, ndipo loyamba likhale la kwawo lomwelo, limene agogo ake amatchula. M'dziko muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndiye palibe chifukwa choloweza zonse. Khumi zapakhomo zimene akuzidziwa bwinobwino n'zokwanira chaka choyamba.

Nabanda: Nanga bainokyula, magalasi oonera zinthu zakutali aja? Ambirife tilibe.

A Mbewe: Siyofunika poyamba. Ikapezeka, mwana wosazolowera amathera nthawi yonse akusakasaka mbalame m'magalasi. Muphunzitseni ndi kapepala kokulunga ngati paipi: maso akhale pa mbalame, asawachotse, kenako abweretse paipiyo kumaso mutu usanasunthe. Akazolowera ndi pepala, bainokyula yeniyeni sivutanso. Ya ana ikhale yokulitsa ka 8 kapena kucheperapo, chifukwa yokulitsa kwambiri imanjenjemera m'manja aang'ono. Chingwe chizikhala m'khosi, ndipo asayang'ane nayo dzuwa ngakhale kamphindi.

Agogo a Jere: Ana anga, ndikumva zonsezi koma pali china mukuchilambalala. Kumudzi mbewa ndi ndiwo, ngumbi ndi ndiwo, mphalabungu ndi ndiwo. Mwana mukamuphunzitsa kuti kupha chamoyo chilichonse ndi tchimo, akabwerera kunyumba aziona bambo ake ngati chigawenga, kapena aziona inuyo ngati anthu a m'tauni osadziwa njala. Zonse ziwiri sizabwino.

Aphunzitsi a Phiri: Agogo, mwalasa. Kalabu imene imayamba ndi kunyoza ndiwo za kwawo kwa ana imatha pasanathe teremu. Chimene tikulimbana nacho si mphika wa mayi ake. Ndi kupha kopanda chifukwa, monga kugenda gulo pakhoma, kuphwanya bilimankhwe, kuphwasula chisa kuti angoona mazira. Ndiponso ndi njira zowononga zambiri kuposa zimene zikufunidwa. Moto wosakira mbewa mu Ogasiti ndi Seputembala supha mbewa zokha. Umapha afulu, mazira a mbalame zoikira pansi, timitengo tongophuka, n'kusiya nthaka pambalambanda kuti mvula yoyamba ikokolole. Ulimbo nawo susankha, umagwira iliyonse yatera.

Anyamata a legeni musawathamangitse m'kalabu. Ndi iwowo amene amadziwa pamene mbalame imamwera, nthawi imene imabwera ndi mtengo umene imagona. Apatseni udindo wotsogolera gulu ndi kuwerenga, koma pa lamulo limodzi: tsiku loona, legeni imatsala kunyumba. Kenako aonetseni chisa chimodzi chapatali, awerenge kuti kholo likubweretsa chakudya kangati pa mphindi 15. Akawerenga okha, amamvetsa kuti kugenda mbalame imodzi nyengo yoswana ndi kupha chisa chonse.

Agogo a Jere: Ngati ndi choncho ndilibe mawu. Koma mukumbukirenso kuti makolo anali ndi malamulo awo. Chisa cha nantchengwa sichinkakhudzidwa, nkhalango ya kumanda sinkadulidwa, ndipo mpaka lero m'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Mwana auzidwe kuti ulemu umenewu si wobwera ndi alendo.

Nachisale: Ine ntchito yanga ndi yotsogolera alendo m'paki, ndiye ndilankhulepo za mtunda. Anthu amakonda kufunsa kuti "tiime mamita angati?" Yankho lili pa nyamayo. Ikasiya chimene imachita chifukwa cha inu, mwayandikira kwambiri. Ngati imadya n'kutukula mutu, ngati imagona n'kudzuka, ngati yatembenuka kukuyang'anani, imani pomwepo kapena bwererani pang'ono mpaka iyambirenso zake. Mwana wa zaka 7 amatha kuligwira lamulo limeneli, ndipo limagwira ntchito pa nkhuku yofungatira, pa gologolo, mpaka pa njovu.

Kwa aang'ono pali njira ya chala. Atambasule mkono, atseke diso limodzi, aphimbe nyamayo ndi chala chachikulu. Ngati nyama ikuonekabe m'mbali mwa chala, ali pafupi kwambiri. Iyi ndi ya nyama wamba zokha. Pa njovu, njati, mvuu ndi ng'ona, mawu omaliza ndi a mlonda wa paki.

Poyandikira, musalunjike nyama. Yendani cham'mbali, pang'onopang'ono, mukuima pafupipafupi. Mphepo ichokere kwa nyama kubwera kwa inu. Kuti mudziwe kumene ikulowera, tapani fumbi n'kulisiya ligwe, kapena ikani phulusa m'kansalu n'kukagwedeza. Gulu lisazungulire nyama, likhale mbali imodzi kuti ikhale ndi kothawira. Nyama zambiri zimaluma zikasowa njira.

A Mwale: Achemwali a Nachisale, bwanji za ulendo wa sukulu ku Liwonde kapena Majete? Ana 60 m'basi imodzi, onse akukuwa.

Nachisale: Achimwene, ulendo umakonzedwa m'kalasi sabata isanakwane, osati pageti. Gwirizanani zizindikiro za manja: kukweza dzanja kutanthauza chete, kuloza ndi dzanja lili pachifuwa osati kulitulutsa pazenera. Palibe wotsika, palibe woimirira galimoto ikaima pafupi ndi nyama, palibe womenya galimoto kuti nyama itembenuke. Mwana aliyense apatsidwe funso lake limodzi. Wina awerenge ana a njovu, wina aone mbalame zimene zatera pamsana pa mvuu, wina aone ngati mbawala zonse zikudya nthawi imodzi kapena zina zikulondera. Mwana wopanda funso ndiye amayambitsa phokoso.

Aphunzitseni kuwerenga njovu. Ikamakupiza makutu pang'onopang'ono ikudya, ikungodziziziritsa. Ikasiya kudya, n'kutukula mutu, n'kutambasula makutu osawasuntha, kapena kugwedeza mutu mwamphamvu, ikunena kuti chokani. Yamphongo imene ikutuluka madzi pakati pa diso ndi khutu, miyendo yakumbuyo itanyowa ndi mkodzo, ipatseni njira msanga. Musalowe pakati pa mayi ndi mwana. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo ana akamva zimenezi amamvetsa okha chifukwa chake mayi amakhala waukali chotero.

Auzeninso mbiri ya malowo, chifukwa imasintha mmene amaonera nyamazo. Majete inatsala pang'ono kutheratu nyama, mpaka boma linagwirizana ndi bungwe losamalira mapaki la African Parks mu 2003 n'kuyamba kubwezeretsa. Liwonde ndi Nkhotakota zinalowa m'mgwirizano womwewo mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota.

A Nkhoma: Ine ndikuona kuti tikuthamangira nyama zazikulu. Phunziro lokoma kwambiri lili pansi, m'mapazi ndi m'ndowe, ndipo silivutitsa nyama iliyonse poti mwini wake anadutsa kale. Madzulo salazani mchenga kapena dothi lonyowa, mita imodzi mbali zonse, pakanjira ka kudambo kapena kuseri kwa nkhokwe. Osaikapo nyambo. M'mawa dzuwa lisanakwere pitani ndi ana. Kuwala kochokera m'mbali kumaika mthunzi m'mapazi, pamene masana amafufutika.

Zoyamba kuphunzitsa ndi izi. Phazi la galu limaonetsa zikhadabo, la mphaka ayi, chifukwa mphaka amazibweza poyenda. Zomwezo ku fisi ndi kambuku: fisi zikhadabo zimaoneka, kambuku sizioneka. Gwape amasiya ziboda ziwiri zosongoka kutsogolo, ndipo kumene zasongokera ndiko walowera. Ng'azi imasiya mzere wa mchira pakati pa mapazi. Mvuu ili ndi zala zinayi, ndipo njira yake imakhala ndi mizere iwiri, pakati patatsala kamzere ka udzu. Njira yoteroyo mukaiona, musakhalepo madzulo kapena mbandakucha, chifukwa mvuu imatuluka usiku kukadya ndipo pobwerera sifuna kupeza munthu pakati pa iyo ndi madzi.

Kwa a Sitandade 6 kupita m'mwamba pali masamu okoma. Yezani ndi chingwe kuzungulira phazi lakutsogolo la njovu, muchulukitse kawiri, mupeza pafupifupi msinkhu wake kufika paphewa.

Nabanda: Abambo a Nkhoma, mapaziwo angasungike bwanji? Ana amafuna kutenga kanthu kupita nako kunyumba.

A Nkhoma: Chilakolako chotenga chimenecho ndicho chiyenera kupatsidwa njira, apo ayi atenga dzira. Njira yosalira ndalama ndi pulasitiki yoonekera mkati: iyaleni pamwamba pa phazi, mwana ajambule motsatira ndi cholembera, alembe tsiku ndi malo. Ngati mungapeze pulasitala wa ufa uja amaumbira, dulani katoni mulifupi masentimita 4, muizunguze phazi ngati mpanda. Sakanizani makapu awiri a ufa ndi kapu imodzi ya madzi, ufa ukuthiridwa m'madzi osati madzi mu ufa, kuti pasakhale mibulu. Thirirani cham'mbali kuti ziyenderere zokha, chifukwa mukathira pakati penipeni phazi limaphwanyika. Dikirani theka la ola musanazule, ndipo dothi mulitsuke mawa lake zitauma. M'paki simutenga kalikonse, ngakhale nthenga, fupa kapena nyanga yogwa yokha.

A Mbewe: Tikambeko za tizilombo, chifukwa ndi tomwe ana amagwira kwambiri. Botolo loonekera mkati ndi lololedwa, koma kachilombo kamodzi pa botolo, chivundikiro chobowola, pamthunzi, mphindi 10 basi, kenako kabwezedwe pamene kanatengedwa. Botolo losiyidwa padzuwa limapha m'kanthawi kochepa. Musatole ndi zala, kankhirani m'botolo ndi tsamba. Gulugufe asagwidwe mapiko, chifukwa kafumbi kotsala m'zala kaja ndi mamba a mapiko ake. Mbozi zaubweya zimayabwa, ziziyang'anidwa chabe.

Potembenuza mwala kapena chipika, mwana aime kumbuyo kwake n'kukokera kwa iye mbali yakutali, kuti mwalawo ukhale pakati pa iye ndi chimene chili pansi. Kukakhala chinkhanira, nankalizi kapena njoka, ithawira kutsogolo. Akatha kuona, abwezeretse mwala mmene unalili. Pansi pamenepo pamakhala chinyezi chimene tizilomboto timadalira, ndipo mwala wosiyidwa chagada umaumitsa zonse. Dzanja lisalowe m'dzenje, m'phanga la mtengo kapena m'chulu.

Agogo a Jere: Nanga kadzidzi ndi bilimankhwe? Mwana wamva kale kunyumba kuti kadzidzi akalira padenga kuli maliro.

Aphunzitsi a Phiri: Agogo, pamenepo mtsutso wa pakamwa supindula, ndipo mphunzitsi akanyoza chikhulupiriro cha makolo pamaso pa ana wataya makolowo. Pali ntchito yochita ndi manja. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa zitaumbika ngati kambulu. Timibulu timeneti timapezeka pansi pa malo amene amagona, m'nyumba zakale, m'matchalitchi kapena pansi pa mtengo waukulu. Tolani touma, dzanja mutavala jumbo, mutiviike m'madzi kwa mphindi zingapo, ana aphwasule ndi timitengo pa pepala. Apeza nsagwada zokhala ndi mano akutsogolo a khoswe. Awerenge zigaza, kenako afunsidwe kuti makoswe amenewa akanadya chimanga cha yani. Akatha asambe m'manja ndi sopo. Kadzidzi mwiniwakeyo asadzutsidwe masana, chifukwa akauluka akhwangwala amamuthamangitsa.

Bilimankhwe alibe ululu. Koma asazulidwe panthambi, poti zala zake zimagwira zolimba ndipo kumukoka kumamuvulaza. Akada thupi, n'kudzitukumula, n'kuyasamula kukamwa, wachita mantha, bwererani. Ana angoyang'ana maso ake, lililonse likuyenda palokha. Usiku ndi tochi amaoneka mosavuta chifukwa akagona amayezuka, koma musamuwalitse kumaso nthawi yaitali.

Nachisale: Vuto lina ndi chifundo cholakwika. Mwana amabwera ndi kamwana ka mbalame kapena ka gwape akuti "kasiyidwa". Kambalame kamene kali ndi nthenga ndipo kakudumphadumpha pansi kakuphunzira kuuluka, makolo ali pafupi ndipo akukadyetsabe. Kachotseni panjira pokha, mukaike pachitsamba chapomwepo, mutsekere mphaka ndi galu. Kopanda nthenga kabwezeredwe m'chisa ngati chikufikirika. Zoti mayi amakakana kakagwidwa ndi munthu si zoona. Gwape amabisa mwana wake mu udzu n'kumabwera kudzamuyamwitsa, ndiye womutola ndi amene amamusandutsa wamasiye.

Fulu asanyamulidwe. Akachita mantha amataya madzi amene anasunga m'thupi, ndipo m'chilimwe sangawapezenso msanga. Ngati ali pamsewu, muwolotseni chapansipansi kulowera kumene amapita.

Anyani ndi apusi asapatsidwe chakudya, ngakhale khoko la nthochi. Akazolowera amayamba kulanda, amayambira kwa ana chifukwa ndi aafupi, akaluma munthu mapeto ake amaphedwa. Mwana asawayang'ane m'maso kapena kuwaonetsa mano. Kusunga kamwana ka pusi pakhomo ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka, njovu ndi chipembere imatha kufika zaka 30 kundende. Nyama yovulala kapena yamasiyedi, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena malo osamalira nyama a Lilongwe Wildlife Centre. Mwana akaona ngaka auze wamkulu mmodzi wodalirika, chithunzi chake ndi malo ake zisaikidwe pa WhatsApp kapena Facebook.

A Mwale: Kunyanja nako kuli zake. Ku Cape Maclear alendo amaponyera nsomba za mbuna buledi kuti zisonkhane, ena amaponyera nkhwazi nsomba kuti aijambule. Ana amasangalala nazo. Kodi n'zolakwika?

A Nkhoma: Za buledi ndikukana. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndipo kuziona zikupala mwala, yamphongo ikuthamangitsa inzake pamalo ake, yaikazi itasunga ana m'kamwa, ndilo phunziro lenileni. Buledi amangopanga chipwirikiti, zonsezo osaoneka. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi, ndipo bungwe la UNESCO linaizindikira mu 1984 kuti ndi malo ofunika kwa dziko lonse lapansi. Za nkhwazi anthu amasiyana maganizo, poti eni mabwato amadyerapo. Ine ndinganene kuti mwana aonenso nkhwazi ikudzisakira yokha m'mawa, adziwe kuti zoponyerazo ndi chionetsero.

Anamwino a Naphiri: Ndilowererepo za umoyo, poti ulendo umodzi wothera kuchipatala umatseketsa kalabu. Nsapato zotseka ndi buluku lalitali m'tchire. Mphiri sithawa, imadalira kubisala, ndiye wamkulu atsogole ndipo ana ayang'ane popondapo. Akaona njoka aime, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, asaitole ngakhale ikuoneka yakufa. Wina akalumidwa, musacheke, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mugoneke, chiwalocho chisagwedezeke, vulani mphete ndi zibangili, mumunyamule kupita kuchipatala. Njoka yolavula ululu ikalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osatikita, kenako kuchipatala.

Kulumidwa kapena kukandidwa ndi galu, pusi kapena mleme: tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenderera kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo mukafunse katemera wa chiwewe. Mleme wogwa pansi mwana asautole.

Madzi odekha okhala ndi nkhono ndi a likodzo. Mbululu azitapa wamkulu ndi chikho chachigwiriro chachitali, ana aonere m'beseni kumtunda. Ku Shire ndi mitsinje ina ya ng'ona, khalani mamita osachepera 5 kuchoka m'mphepete. Ku Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza kuli kashembe, ndipo amakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda, ndiye ngati yunifolomu ndi yamtundu umenewo ana avale zina zotuwa. Pobwerera yang'anani nkhupakupa m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa makutu. Chitedze achidziwe asanachikhudze.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Lomaliza: kalabu ya pasukulu ingalumikizane ndi ndani, ndipo chaka chonse tizichita chiyani kuti ana asatope ndi mtengo umodzi womwewo?

Aphunzitsi a Phiri: Bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi), limene linayamba mu 1947, lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo nthambi yake yapafupi ingakuuzeni kalembetsedwe. A ku Blantyre muli ndi phiri la Michiru, a ku Lilongwe muli ndi Wildlife Centre mkati mwa mzinda.

Mtengo womwewo susowa chatsopano ngati kope likulembedwa tsiku, nthawi ndi nyengo ulendo uliwonse. Cha mu Ogasiti ndi Seputembala ana alembe tsiku loyamba kuona masamba ofiira atsopano m'nkhalango. Mu Okutobala ndi Novembala alembe tsiku loyamba kumva nyenje, ndi tsiku limene anamzeze ochokera ku Ulaya afika pamawaya. Mvula ikagwa, tsiku la ngumbi zoyamba ndi usiku woyamba wa achule. Disembala mpaka Febuluwale ndi nyengo ya zisa, ndiye mtunda uwonjezeke, ndipo chisa chimodzi chisayenderedwe ndi gulu tsiku ndi tsiku, chifukwa kanjira kopondedwa kamatsogolera mphaka ndi khwangwala komweko. Juni ndi Julayi udzu ukauma ndi nthawi ya mapazi. Makope akale asatayidwe, asungidwe ku ofesi ya ahedi kuti kalasi ya chaka chamawa idzayerekeze masiku ake ndi a chaka chino.

A Mbewe: Chimodzi chokha pa mafoni. Musamaseweretse kulira kwa mbalame pafoni kuti ibwere pafupi. Yamphongo imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, imasiya kudyetsa ana n'kumasakasaka wolimbana naye. Ngati mukufuna ana aphunzire kulirako, amvetsere m'kalasi mawindo atatseka, kutchire foni ikhale m'thumba.